Kodi m'dziko lako lopekalo madzi amatunga ndani?

Masiku apitawa mnyamata wina amene akuphunzira kumene zolembalemba adandipatsa nkhani yake kuti ndiponyepo diso. Inali nthano ya sayansi yochitika m'chaka cha 2600. Munali galimoto zouluka, maloboti olankhula, nyumba zogunda mitambo ndi mfuti zolavula moto. Nditamaliza kuwerenga ndidamufunsa kuti: "Mphwanga, anthu akowa akadzuka m'mawa amadya chiyani? Chakudyacho amalima ndani? Wina akamwalira amamuika bwanji?" Iye adangoseka. "Aaa, achimwene, zimenezo n'zazing'ono. Pajatu izi n'zopeka."

Apatu mpamene pagona vuto. Ambirife timaganiza kuti poti nkhani ndi yopeka, ndiye kuti chilichonse chingathe kulowamo. Si choncho ayi. Mboni yabodza pabwalo la milandu sigwidwa pa nkhani yaikulu. Imagwidwa pa tinthu ting'onoting'ono, monga mtundu wa malaya kaya mbali imene chitseko chidatsekukira. Mlembi wa nthano za sayansi nayenso ndi mboni, mboni ya dziko limene palibe adalionapo. Akaphonya ting'onoting'onoto, awerengife timaleka kumukhulupirira. Ndipo tikaleka kukhulupirira, ngakhale mzinda wonse uphulike patsamba lomaliza, mtima sutigunda n'komwe.

Kuti zimveke bwino, tiyeni tione buku limodzi lomwe lidaikwanitsa ntchitoyi: Dune, lolembedwa ndi Frank Herbert wa ku America, lomwe lidatuluka mu 1965. Mkuluyu adali mtolankhani. Mu 1957 adapita ku Florence, m'chigawo cha Oregon, kuti akalembe za momwe akatswiri a boma ankabzalira udzu pofuna kuimitsa milu ya mchenga yomwe inkayenda ndi mphepo n'kumakwirira misewu. Nkhani ya mchengayo sidatuluke m'nyuzipepala, koma idamusiyira funso m'mutu: nanga dziko lonse litakhala mchenga wokhawokha, anthu angakhale bwanji? Adatha zaka akuwerenga za zipululu ndi za anthu okhala m'menemo. Makampani osindikiza mabuku oposa 20 adalikana bukuli, mpaka lidatengedwa ndi Chilton, kampani yodziwika ndi mabuku ophunzitsa kukonza galimoto. Pambuyo pake lidapata mphoto ziwiri zikuluzikulu za nthano za sayansi, ya Nebula ndi ya Hugo.

Nkhani yake ikuchitikira pa pulaneti yotchedwa Arrakis, kumene mvula siigwa. Mlembi waulesi akadangonena kuti kunali kouma, basi n'kupitiriza. Herbert sadatero. Adatenga kusowa kwa madziko n'kukulondola khomo ndi khomo, mpaka m'masamu, m'malonje ndi pamaliro pomwe.

Tiyambe ndi masamu. Kutsogolo kwa nyumba ya wolamulira kuli mitengo ya kanjedza 20. Mtengo umodzi umamwa malita 40 patsiku, pamene munthu amafuna malita 8 okha. Choncho mtengo umodzi ndi anthu asanu, ndipo mitengo yonseyo ikumwa madzi a anthu 100. Anthu odutsa pamsewu akaiyang'ana mitengoyo amaona miyoyo ya anzawo. Mlembi sadafunikenso kutilalikira za olemera ndi osauka. Masamuwo alalikira kale.

Tibwere ku malonje. Mtsogoleri wa a Fremen, anthu a m'chipululu, dzina lake Stilgar, akumana ndi wolamulira watsopano, Leto Atreides, ndipo alavula malovu patebulo pamaso pake. Asilikali a Leto afuna kudzambatuka poyesa kuti bwana wawo wanyozedwa. Koma wina wodziwa mwambo awaletsa: kumeneko kulavula ndi ulemu waukulu, chifukwa munthu wapereka madzi a m'thupi mwake. Taonani mmene chinthu chonyansa kwa ife chasandukira mphatso, ndipo ife owerenga tavomera popanda kutsutsa, poti takhala kale ndi ludzu la dzikolo kwa masamba ambiri.

Nanga pamaliro? Mwana wa Leto, Paul, apha munthu wina dzina lake Jamis pomenyana ndi mipeni. A Fremen sataya madzi a munthu wakufa. Amawachotsa m'thupi n'kuwasunga m'chitsime cha fuko. A Jamis adakwana malita 33 ndi pang'ono. Pamwambo wa malirowo Paul agwetsa misozi, ndipo anthu onse achita nthumanzi, ena mpaka kumukhudza kumaso, chifukwa kwawoko kulira ndi kutaya chuma chifukwa cha wakufa. Ine monga mlakatuli ndawerengapo misozi yambirimbiri m'ndakatulo zathu, yanga yomwe, koma sindidaonepo misozi yodula ngati imeneyi. Idadula chifukwa mlembi adayamba waikira madzi mtengo.

Ndipo zonsezi si zokongoletsa chabe. Mumchenga wa Arrakis muli zinyongolotsi zikuluzikulu, zina zotalika mamita 400, zomwe zimathamangira phokoso lililonse lobwerezabwereza, kotero kuti munthu woyenda m'chipululu ayenera kuponda mosalongosoka dala. Zinyongolotsizi ndi gwero la mankhwala otchedwa melange, amene oyendetsa zombo za mlengalenga sangayende popanda iwo. Koma madzi ndi chiphe kwa zinyongolotsizo. Ndiye onani msamphawo: a Fremen akulota dziko lobiriwira, koma dziko likabiriwira zinyongolotsi zifa, melange atha, ufumu wonse uima. Paul agonjetsa mfumu yaikulu pamapeto chifukwa wazindikira kuti angathe kuwononga melange yense. Nkhondo, ndale ndi chipembedzo cha m'bukuli zonse zaphuka pa funso limodzi la madzi.

Muyeso wake ndi umenewu, alembi anzanga. Tengani kanthu kalikonse kamene mwaika m'dziko lanu lopeka, mukachotse. Nkhani ikaimabe chilili, dziwani kuti kanthuko kanali maluwa a pulasitiki. Mu Dune mukachotsa ludzu, Stilgar salavula, misozi ya Paul isanduka misozi wamba, mapeto agwa. M'nkhani ya mphwanga uja ndidachotsa galimoto zouluka n'kuikamo minibasi, ndipo palibe chidasintha. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu ndisamukweze Herbert ngati kuti alibe chilema. Masamba oyamba a bukuli ndi olemetsa. Mayina achilendo monga Bene Gesserit ndi Kwisatz Haderach amangokugwera ngati matalala, ndipo kumapeto adachita kuikako mndandanda womasulira mawu pamodzi ndi mapu. Filimu ya David Lynch itatuluka mu 1984, m'malo ena oonetsera kanema ankagawa kapepala kofotokoza mawuwo kuti oonera asasochere. Dziko likafuna kapepala kotero, ndiye kuti penapake mmisiri wasiya makwerero ali chitsamire pakhoma. Chinanso, mdani wamkulu, Baron Harkonnen, ndi woipa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, wopanda mbali ina. Mlembi amene adawerengera lita iliyonse ya madzi sadamuwerengere munthuyu mtima. Ndipo wowerenga wa kuno ku Africa sangalephere kuona kuti a Fremen, amene mawu awo ambiri adabwerekedwa ku Chiarabu, akudikira mwana wa mlendo kuti awatsogolere. Inde, Herbert ankafuna kutichenjeza za apulumutsi otere, ndipo adazionetsa poyera m'buku lotsatira, Dune Messiah, mu 1969. Komabe m'buku loyambali chenjezolo limamveka motsitsa kuyerekeza ndi ng'oma za chipambano.

Zilema zimenezi zikutiphunzitsanso kanthu. Kumanga dziko mwatsatanetsatane sikutanthauza kukhuthulira wowerenga zonse zimene uli nazo m'kope. Mlembi adziwe zinthu 100, aonetse 10, koma khumizo zikhale zoluma munthu wina wa m'nkhanimo. Pamene Herbert adapambana mpamene adatipatsa malovu patebulo. Pamene adatopetsa mpamene adatipatsa mndandanda wa mawu.

Ndalemba izi chifukwa mtundu uwu wa zolemba wafika kale kwathu kuno. Mu 2015 kudatuluka Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, ndipo ku Lilongwe kudasindikizidwanso Imagine Africa 500, buku la nkhani zifupizifupi zoganizira Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Achinyamata ambiri akufuna kulowa pakhomo lomwelo, ndipo n'zosangalatsa. Mantha anga ndi akuti tingadzaze mabuku athu ndi tsogolo la kaunjika, lotoledwa m'mafilimu a eni ake, lovalidwa kale, lotikhwepa m'mapewa. Chonsecho zipangizo tili nazo pakhomo. Mayi amene amadzuka tambala woyamba kukaima pamzere wa pamjigo akudziwa mtengo wa madzi kuposa Herbert. Munthu amene adaphikapo nsima pambaula magetsi atathima akudziwa zimene makina amachita akakhumudwitsa mwini wake. Chotsala ndi kufunsa mafunso otopetsa aja: alima ndani, agula ndani, amanidwa ndani, ndipo womanidwayo achita chiyani?

Mphwanga uja ndidamubwezera mapepala ake nditalembapo funso limodzi lokha pamwamba. Ndidamuuza kuti asawonjezere loboti ina iliyonse kufikira atandiuza amene amatunga madzi mumzinda wake wa 2600, ndi zimene zimachitika tsiku limene wotungayo wakana. Akadzayankha funso limenelo, nkhani adzakhala waipeza. Ndikudikira.