Ndagi zovala tayi

Buku la William Poundstone la 2003, How Would You Move Mount Fuji?, linasonkhanitsa mafunso amene Microsoft inkazunguza nawo mitu ofuna ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Lotchuka ndi lija lofunsa chifukwa chake zivundikiro za maenje a ngalande mumsewu zimakhala zozungulira. Ife a pagulu lino tikaliwerenga sitichedwa kuzindikira: izi ndi ndagi, angoziveka tayi.

Ndipo khalidwe la ndagi timalidziwa. Wopambana pabwalo madzulo ndi amene anaimvapo kale kwa agogo, olo akhale wogona m'kalasi. Chimodzimodzi funso la munthu wofuna kuwolotsa fisi, mbuzi ndi masamba pa bwato laling'ono, lomwe lakhala likuzungulira zaka zoposa 1,000. Ukalidziwa umangonamizira kukanda mutu kwa mphindi ziwiri, kenako n'kuyankha. Bukuli lili ndi mayankho, ndiye aliyense woligula wabera kale mayeso. Mu 2013 Laszlo Bock, mkulu woona za antchito ku Google, anauza New York Times kuti mafunso oterewa ndi ongotaya nthawi, amangopangitsa wofunsayo kudzimva wanzeru.

Koma abale, tisathamangire kutaya mayeso onse. Kuno kwathu ntchito imatha kupita kwa mwana wa mlongo wa bwana, ndiye pepala la mafunso ofanana kwa aliyense ndi limene limapatsa mpata mtsikana wa ku Lifuwu wopanda amalume ku Capital Hill. Kafukufuku wa Schmidt ndi Hunter wa 1998 anapeza kuti mayeso a kaganizidwe, komanso kumupatsa munthu kantchito kenikeni, zimaonetsa wodzagwira bwino ntchito kuposa kucheza naye chisawawa pa intavyu.

Tiyerekeze kuti a Kuti Wildlife Reserve ku Salima akufuna wowakonzera pulogalamu yosungitsira malo ogona. Afunseni ofunsirawo izi: mlendo walipira pa Airtel Money, netiweki yadula, iye poganiza kuti sizinatheke walipiranso, pulogalamu itani? Nanga alendo awiri akasungitsa chipinda chimodzi nthawi imodzi? Apa palibe yankho loloweza. Wina adzathamangira kulemba code. Wina adzayamba wafunsa kuti magetsi akazima, a pa resepishoni amalemba pati mayina a alendo. Wachiwiriyu musamulole achoke.