Cirombo ca m'dambo ndi anthu a zitsulo

Atsogoleri a makalasi, musafulumire kunyoza mabuku a zithunzi zoopsa. Taonani Swamp Thing, imene analemba Len Wein najambula Bernie Wrightson ku America kuyambira 1972. M'gawo la 6, la 1973, cirombo ca matope, cimene kale cinali munthu, cifika m'mudzi wa anthu opangidwa ndi mmisiri wa mawochi. Thupi lace Wrightson alijambula ndi inki yakuda bii, mizere yokhotakhota ngati mizu ya kacere, koma maso ngacisoni, ngaumunthu ndithu. Anthu a makinawo nkhope nzosalala, mmodzi afanana ndi mkazi wace wakufa, pamene m'kati muli zitsulo zokhazokha. Kwa ine coopsa cili pamenepo. Ngakhale wosadziwa Cingelezi aciona msanga.