Chilembo ŵ ndi Malamulo a PEP 8

Amene amalembera limodzi mapulogalamu a maloboti a ROS 2 m'chiyankhulo cha Python amatsata malamulo a kalembedwe otchedwa PEP 8, a m'chaka cha 2001. Pa za mipata ndi utali wa mizere malamulowa sitiwatsutsa, pakuti ntchito ya anthu ambiri imawerengeka ngati ya dzanja limodzi. Koma amalimbikitsanso kuti mawu ofotokozera akhale m'Chingerezi, ndipo m'laibulale yaikulu ya Python mayina amalembedwa ndi zilembo za ASCII zokha. Kumeneku ndiye kukonza ndondomeko ya ziyankhulo, ngakhale eni ake sakutcha motero.

Tiganizire za ophunzira a ku Karonga, kumene Chitumbuka chimayankhulidwa pamodzi ndi Kyangonde. M'Chitumbuka "wakwiza" amanena za munthu mmodzi, pamene "ŵakwiza" amanena za ambiri. Komatu mu ASCII mulibe ŵ. Python 3, ya mu 2008, imalola chilembochi m'mayina, choncho chopinga si makina ayi, koma chizolowezi. Chitumbuka chidachotsedwapo kale pa wailesi mu 1968. PEP 8 yomweyo imavomereza gulu kukhala ndi malamulo akeake, ndipo gulu la ku Karonga lingathe kulemba ŵ m'malamulo ake.