Chiganizo Choyamba M'nkhani za M'nyuzipepala ndi M'zimangirizo za Chichewa

M'nyuzipepala zathu za Chichewa muli chiganizo china chimene chimabwera chaka ndi chaka, ngakhale kuti maina a anthu otchulidwamo amasintha. Chimayamba ndi udindo wa munthu, kenaka mawu akuti "wati", ndipo chimene chachitika chenichenicho chimafika mochedwa, wowerenga atatopa kale. Nachi chitsanzo chimene tapeka tokha potsata kalembedwe kameneka: "Mkulu woona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'boma lino, yemwenso ndi wapampando wa komiti yoona za thandizo, wati boma ndi lokhudzidwa kwambiri ndi imfa za anthu omwe amwalira kaamba ka matope omwe atsika m'phiri la Soche." Tikawerenga bwino tipeza kuti padutsa mawu 22 tisanamve kuti kuli imfa.

Ngozi imeneyi inachitikadi m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa ku Blantyre, matope nakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phirilo. Tsono tiganizire za Mmalawi wogwira ntchito ku Capital Park mumzinda wa Pretoria, amene mayi ake amakhala ku Chilobwe. Pafoni pake pakuoneka mizere iwiri yokha ya nkhaniyo, ndipo mizere iwiriyo yathera pa maudindo. Akadakumana ndi mnzake wochokera kumudzi, mnzakeyo akadangonena kuti, "Ku Chilobwe kwatsika matope, kwafa anthu." Mawu asanu ndi limodzi okha, koma malo atchulidwa, chochitika chamveka.

Kalembedwe koyamba kaja sikadabadwire m'Chichewa. M'nyuzipepala za ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mudakhazikika mwambo woika mfundo yaikulu pamwamba penipeni pa nkhani, zotsatira zikumka zichepa mphamvu, kuti mkonzi akasowa malo azingodula kumunsi. Cholinga chimenechi n'chabwino ndipo sitikutsutsana nacho. Vuto n'lakuti chiganizo cha Chingerezi pafupifupi nthawi zonse chimafuna mwininkhani patsogolo, mneni pambuyo pake, choncho funso lakuti "ndani?" ndilo limayankhidwa poyamba. Kwa ife, ngakhale kuti kulemba nkhani m'Chinyanja n'kwakale ndithu, pakuti a mishoni ya Dutch Reformed adayamba kusindikiza Mthenga m'chaka cha 1909, nkhani zambiri za boma, za mu Msimbi, za mu Boma Lathu ndi za pa wailesi ya MBC zinkayamba kulembedwa m'Chingerezi, womasulira nazitsata mawu ndi mawu. Kuonjezera apo, m'nthawi ya chipani chimodzi wolankhula ndiye anali nkhani. Kuyambira 1971 chiganizo choyamba chinkayenera kusenza maina onse aulemu a Mtsogoleri Wamuyaya, Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda, ndipo nduna ndi akuluakulu ena ankalembedwa motengera pomwepo. Ulamulirowo udatha mu 1994, koma chizolowezi chidatsala. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatisiyira malamulo a kalembedwe ka mawu. Koma mawu olembedwa molondola angathe kusanjidwa m'ndondomeko ya chiyankhulo cha eni ake, ndipo zimenezi ndizo zikutivuta.

Chichewa chili ndi njira yakeyake yobweretsera chinthu chachilendo pamaso pa womvera. Akatswiri awiri, Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva, adaifotokoza mwatsatanetsatane mu 1989 m'magazini ya Linguistic Inquiry. Mwachidule, dzina la malo limakhala patsogolo, mneni nagwirizana nalo potenga pa-, ku- kapena mu-, ndipo chinthu chatsopanocho chimadza pambuyo pa mneni: "Pa chipatala pafika mankhwala", "M'chitsime mwagwa mbuzi", "Ku Nsanje kwasefukira madzi." Malo apa sakungoonjezera tanthauzo ayi, koma ndiwo mwininkhani wa chiganizocho. Womvera amayamba waimikidwa pa malo amene akuwadziwa, kenaka n'kulozeredwa chimene sakuchidziwa. Agogo athu sadawerenge Linguistic Inquiry, komatu nthano zawo zinkayamba motero: padangotero, kalekale kunali mfumu, kumudzi kwina kudagwa njala.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo akatswiri aja adawaonetsa. Imayenda ndi aneni osayambukira, makamaka onena za kubwera, kugwa, kukhala ndi kupezeka, ndiponso ndi aneni a msintho wochitidwa. Koma mneni woyambukira amaikana. Palibe Mchewa anganene kuti "Ku msika kwaba mbava njinga", pamene "Ku msika kwabedwa njinga zitatu" n'Chichewa chosalala. Izi sizikum'chepetsera kanthu mtolankhani, chifukwa nkhani zambiri za tsiku loyamba n'zamtundu womwewu: kwabuka matenda, kwagwa mlatho, kwapezeka mtembo, wochita asanadziwike.

Nanga nkhani ya tsiku lachiwiri? Apa tithandizidwe ndi zimene Bresnan yemweyo adalemba ndi Sam Mchombo mu 1987 m'magazini ya Language. Iwo adaonetsa kuti mneni akatenga kachizindikiro ka pamtherankhani, monga -i- mu "aigwira", kachizindikiroko kamagwira ntchito ya mlowam'malo, ndipo dzina lenilenilo limamasuka kukhala paliponse m'chiganizo monga mutu wa nkhani wodziwika kale. Tsono "Apolisi agwira mbava" ndi "Mbava ija apolisi aigwira" sizinena chinthu chimodzi. Choyambacho chikuuza munthu amene sadamvepo kanthu. Chachiwiricho chikuyankha munthu amene dzulo adamva za njinga zija ndipo akudikira. Kamawu kakuti "ija" kakugwira ntchito imene mlembi wa Chingerezi amaigwira ndi ndime yathunthu yokumbutsa za m'mbuyo. N'zomvetsa chisoni kuti kamawu kotere timakapeza kawirikawiri pamalo olakwika, pamene mlembi ayamba ndi "mkuluyu" kapena "mayiyu", munthuyo tisanam'dziwe n'komwe.

Ena adzatitsutsa kuti mtolankhani ayenera kutchula gwero la nkhani yake, pakuti popanda kutero angadzazengedwe mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Tikuvomera. Koma gwero lingathe kudikira chiganizo chachiwiri: "Izi wanena ndi mneneri wa apolisi." Tikuvomeranso kuti pali nthawi pamene wochita ndiye nkhani, monga nduna ikatula pansi udindo, kapena monga zidakhalira pa 14 Juni 1993 pamene Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri. Pamenepo mwininkhani atsogole ndithu. Chimene tikukana n'kutsogoza munthu chifukwa cha mpando wake wokha.

M'zimangirizo matenda ndi ena. Kusukulu tidaphunzira kuti chimangirizo chili ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, ndipo ambiri a ife tidazolowera kudzaza chiyambicho ndi mwambi. "Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga." Chiganizo chimenechi chingatsegule chimangirizo chonena za ukwati, za makalabu a alimi, za mpira, ngakhale za mgwirizano wa maiko, ndipo poti chikukwana paliponse, sichikumuuza wowerenga kuti chimangirizo ichi, osati china, chikunena zotani. Pabwalo la milandu mwambi sukhala poyamba. Nyakwawa imayamba yamva mbali zonse, ndipo mwambi umadza nkhani itapsa, kudzaimanga. Mlembi woyamba ndi mwambi wagamula mlandu mboni zisanalankhule. Sitikunena kuti miyambi ichoke m'zimangirizo, chifukwa mwambi wogwa pamalo pake umapulumutsa ndime ziwiri. Tikungopempha kuti uzidikira mpaka wowerenga ataona denga limene likufuna kusenzedwalo.

Pali mfundo ina yolemererapo imene sitingailambalale. Mwambo wathu sukonda kuwaza nkhani pamaso pa munthu. Mlendo amapatsidwa mpando, napereka malonje mwadongosolo kuyambira kumene wachoka, ndipo wonyamula uthenga wa maliro salowa m'nyumba akufuula dzina la womwalirayo. Wina angati, tsono, kuchedwa kwa chiganizo choyamba n'Chichewa chenicheni, ndipo kufulumira ndiko kwachilendo. Koma timvetsere zimene mthengayo amanena atangokhala pansi. Sayamba ndi udindo wa amene wam'tuma, sayambanso ndi mwambi. Amati, "Kwathu kuja kwagwa zovuta." Dzina walisunga, ulemu wausunga, koma onse m'nyumbamo adziwa kale kumene kwachitika kanthu ndi mtundu wa kanthuko, ndipo amayi ayamba kufunda chitenje asanamve chiganizo chachiwiri.