Africa ya Amanaz: chimbale chimodzi chomveka pawiri

Gulu la Amanaz lidatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, m'chaka cha 1975, ndipo pasanapite nthawi yaitali aliyense adalowera kwake. Anali anyamata asanu omwe adakumana ku Kitwe, m'dera la migodi ya kopa ku Zambia: Keith Kabwe woimba, Isaac Mpofu ndi John Kanyepa pa magitala, Jerry Mausala pa besi, ndi Watson Lungu pa ng'oma. Nyimbo 12 za m'chimbalechi adazijambula m'masiku atatu ku Malachite Film Studios ku Chingola, situdiyo yomwe ntchito yake yeniyeni inali ya mafilimu. Chidatuluka kudzera ku Zambia Music Parlour, kampani ya Edward Khuzwayo ya ku Ndola.

Anyamata a nthawi imeneyo adakula akumva Jimi Hendrix, Cream, Deep Purple ndi Black Sabbath. Ndalama za kopa zinkazungulira m'matauni a migodi, mabala ndi maholo ankafuna mabandi, ndipo pambuyo pake boma la Kenneth Kaunda lidalamula kuti wailesi iziulutsa kwambiri nyimbo za m'dziko momwemo. Umo ndi momwe mudaphukira WITCH, Musi-O-Tunya, Ngozi Family ndi ena, nyimbo zomwe zimatchedwa Zamrock. Pakati pa onsewa Amanaz ndiye anali ofatsa. WITCH inkalumpha pa siteji, Paul Ngozi ankaliza gitala ndi mano, koma Africa ndi chimbale cha anthu oti akhala pansi ndipo sakuthamangira kulikonse.

Chodabwitsa cha chimbalechi n'chakuti chidafika m'manja mwa anthu m'mitundu iwiri. Nyimbo n'zomwezo, oimba ndi omwewo, koma kasakanizidwe ka mawu n'kosiyana. Wina amene sadalowepo mu situdiyo angaganize kuti oimba akamaliza kuimba ndiye kuti ntchito yatha. Ayi ndithu. Pamatsala munthu wokhala pa makina, amene amasankha kuti ng'oma zimveke pafupi kapena patali, mawu a woimba akhale pamwamba pa magitala kapena pansi pake. Pa mtundu woyamba wa Africa, mawu ndi ng'oma zili kutsogolo, zouma, zopanda chokometsera. Pa mtundu wachiwiri adathira reverb yochuluka, kuja kumveka kwa mawu obwerera ngati munthu akuimba m'tchalitchi chachikulu chopanda anthu. Pamenepo ng'oma ndi mawu zimabwerera m'mbuyo, gitala wotsogolera n'kukwera pamwamba pa zonse.

Tengani History of Man, nyimbo yolemera kwambiri pa chimbale chonse. Imayenda pa kachidutswa kamodzi ka gitala kobwerezabwereza, kodutsa m'kachipangizo ka fuzz komwe kamang'amba kulira kwa nsambo mpaka kukhala kokhakhala. Pa mtundu wa reverb gitalayo amadzaza malo onse, ndipo womvera amangomizidwa. N'zokoma, sindikana. Koma pa mtundu wouma mumamva chomwe chikunyamula nyimboyo, ndicho dzanja la Lungu ndi besi ya Mausala. Lungu samenya ng'oma mowongoka ngati anzake a ku England omwe gululi linkawamvera. Amatsalira pang'ono, n'kusiya mpata pakati pa kumenya kwina ndi kwina, ndipo mpata umenewo ndi umene umachititsa kuti nyimbo yolemera chotere igwedeze thupi m'malo molipsinja. Reverb ikaphimba ng'omazo, chotsala chimafanana kwambiri ndi magulu a ku England a nthawi yomweyo. Ng'oma zikamveka bwino, palibe angakayike kuti oimbawa ndi a kuno.

Pa Khala My Friend zinthu zimatembenuka. Iyi ndi nyimbo yodekha, ya munthu wodandaulira mnzake, ndipo mphamvu yake ili m'kusadzionetsa. Woimba sakweza mawu, magitala awiri sapikisana: wina amangopalasa pang'onopang'ono, wina amayankha m'mipata yomwe mawu asiya. Apa reverb imathandiza. Imatalikitsa kulira kwa nsambo iliyonse, ndipo kusungulumwa komwe kuli m'nyimboyo kumakula. N'chimodzimodzi ndi Sunday Morning. Choncho sindinganene kuti mtundu umodzi ndi wolondola, winawo wolakwika. Nyimbo zofatsa zimapindula ndi umodzi, zolimba zimapindula ndi unzake. Nsunka Lwendo, yomwe ili m'Chibemba, ndiyo imavuta kuigamula, chifukwa kayendedwe kake kamadalira ng'oma pomwe gitala wake wautali amafuna malo otakasuka.

Anthu ogulitsa zimbale kunja amakonda kuika Africa m'gulu la psychedelic kapena progressive rock. Amene akuyembekeza nyimbo za mphindi 20 zodzaza ndi makiyibodi, monga za Yes kapena Genesis, sazipeza muno. Kupita patsogolo (progressive) kwa Amanaz kuli pena. Adatenga chimbale ngati ntchito imodzi yathunthu, yoyenera kumvedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nyimbo yaukali ikutsatana ndi yofatsa, Chingerezi chikusinthana ndi Chibemba popanda kupepesa. M'dziko lomwe mabandi ambiri ankadyera kuimba nyimbo za eni ake m'mahotela, kuchita zimenezi kunali kulimba mtima.

Zomwe zidatsatira n'zachisoni ndipo sizifuna mawu ambiri. Mtengo wa kopa udagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zogulira zimbale zidasowa, malamulo oletsa kuyenda usiku pa nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia adapha madansi, kenaka disco ndi kalindula zidalanda malo. Edzi idatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Matepi oyambirira a nyimbo zambiri za Zamrock adatayika, ndipo zomwe zidapulumuka ndi mbale zakuda zija za galamafoni, zambiri zokandikakandika chifukwa chovinidwa.

Africa idatulukanso ku Germany mu 2008 kudzera ku Shadoks Music, ndipo apo ndi pomwe anthu ambiri akunja adayamba kuimva. Koma ntchito yoyenera kuiyamikira ndi ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, kampani ya Eothen Alapatt, yomwe idayamba yatulutsa nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010, kenaka za WITCH mu 2012. Mu 2015 idatulutsa Africa mitundu yonse iwiri pamodzi, mogwirizana ndi a m'gululo omwe adali moyo. Chikadakhala chapafupi kusankha mtundu umodzi, makamaka wa reverb womwe umakoma msanga m'khutu la wogula wa ku America, n'kuutcha weniweni. Akadatero, bwenzi lero dziko likudziwa Amanaz ngati gulu la magitala a nkhungu basi, Watson Lungu osamveka. Wotulutsanso chimbale chakale ali ndi mphamvu yolemba mbiri ya anthu omwe ambiri mwa iwo sangathenso kudziyankhira, ndipo apa mphamvuyo idagwiritsidwa ntchito mosamala.

Ndiyamikiranso kuti sadachitsuke mopyola muyeso. Makompyuta a masiku ano amatha kuchotsa phokoso lililonse, koma akalimbikira amachotsanso kuthwa kwa zitsulo za ng'oma ndi mpweya wa woimba. Pa Africa mukumvekabe kuchepa kwa zipangizo za situdiyo ya ku Chingola, gitala wina akulira mopyola pomwe makina akadatha kupirira. Zimenezo ndi mbali ya nyimbozo, chifukwa oimbawo ankaimba akudziwa malire a makina omwe anali nawo.

Chondiwawa n'chimodzi. Travis Scott adatenga kachidutswa ka Nsunka Lwendo n'kuika m'nyimbo yake ya Sirens mu 2023, Tyler, the Creator adachita zomwezo ndi nyimbo ya Chinyanja ya Ngozi Family mu Noid mu 2024, ndipo Keith Kabwe adamvekanso pa chimbale cha WITCH chotchedwa Zango mu 2023. Komabe mbale ya Africa njosavuta kuipeza ku London kusiyana ndi ku Chipata kapena ku Lilongwe, ndipo achinyamata athu ambiri oliza magitala sadamvepo dzina la Amanaz. Aulutsi a pa wailesi zathu ali ndi ngongole pamenepa. Mitundu yonse iwiri ili pa intaneti. Inu amene mukufuna kuchimva koyamba, yambani ndi mtundu wouma, chimbale chonse osadumpha nyimbo, kuti mudziwe kaye mmene anthu asanuwa ankaimbira limodzi. Wa reverb ubwere pambuyo.