Oweruza a Oscar amawerenga, ife timamva ndi khutu

Ine si katswiri wa mafilimu. Ntchito yanga ndi ya pa wailesi ya m'dera kuno ku Moatize, kulengeza mauthenga a maliro ndi mitengo ya chimanga. Mafilimu ndimaonera ngati wina aliyense: pafoni, kapena m'kanyumba ka vidiyo pamsika ndikapita kwathu ku Zóbuè, komwe Jet Li amayankhula Chichewa kudzera pakamwa pa mnyamata womasulira. Koma pali mafilimu atatu onena za ife amene anatumizidwa ku mpikisano wa Oscar ku America zaka zitatu zotsatizana. Onse ndinawaonera, choncho mundilole nane ndikhale pabwalo ndiweruze.

Mpikisanowu umayenda motere. Dziko lililonse limatumiza filimu imodzi pachaka, ndipo mawu ambiri a mufilimumo asakhale a Chingerezi. Pa mafilimu pafupifupi 90 amasankhapo asanu, mwa asanuwo nkutulukamo mmodzi wopambana. Mu 2017 Mozambique inatumiza kwa nthawi yoyamba, filimu ya Licínio Azevedo, Comboio de Sal e Açúcar, kutanthauza sitima ya mchere ndi shuga. Mu 2018 Malawi nayo inalowa koyamba ndi The Road to Sunrise ya Shemu Joyah. Mu 2019 dziko la Britain linatumiza The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, ndipo chinailoleza kulowa ndi Chichewa chimene chadzaza m'menemo. Atatu onsewa sanafike m'gulu la asanu. Mphoto zinapita ku Chile, Mexico ndi South Korea.

Sindikudandaula kuti anatibera. Chimene ndikunena ndi chakuti oweruza a ku Los Angeles akamaonera filimu yotere maso awo amakhala pa mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi. Ife sitiwerenga m'munsimo, timamva. Ndiye chigamulo chawo ndi chathu sichingafanane.

Tiyambe ndi ya mnyamata wa mphepo ija. Nkhani yake ndi yoona: William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analeka sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, koma anapanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola ndiponso njinga ya bambo ake. Njala anaijambula bwino. Anthu akamakanganirana chimanga, banja likamagawana nsima kamodzi patsiku, m'kanyumba muja munali zii. Vuto linabwera pakamwa. Ejiofor, yemwe akusewera ngati bambo, ndi wa ku Britain, ndipo mnyamatayo, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Anayesetsa kuphunzira chiyankhulo chathu, ndipo pamenepo ndiwathokoze. Koma pamalo pamene bambo akukalipira mwana wake pa nkhani ya njinga, pamene mtima unayenera kusweka, anyamata a pabenchi yakutsogolo anaphulika ndi kuseka. Mawu anali athu, kakwezedwe ndi katsitsidwe kake kanali kachilendo. Akayankhula Lily Banda, Mmalawi yemwe akusewera ngati mlongo wake wa William, khutu limapuma. Woweruza wa ku America kusiyana kumeneku sangakumve, kwa iye onse akuyankhula bwino.

Ya Shemu Joyah vuto limeneli ilibe, chifukwa osewera ake ndi eni nthaka. Ikutsatira amayi awiri oyendayenda m'makomboni a Blantyre, mpaka mmodzi nkupezeka pamaso pa khoti. Ife a pachipata amayi otere timawadziwa, timawaona madzulo aliwonse pamene mathiraki afola kudikira mapepala. Timawanena koma sitiwafunsa chinawafikitsa pamenepo. Joyah anawafunsa, ndipo pachifukwa chimenecho filimuyi ndi yolimba mtima. Pofooka pake mpakuti nthawi zina anthu ake amayankhula ngati akutiphunzitsa, chonsecho nkhope zawo zanena kale zonse. Oweruza a mu Africa anaimvetsa: mu 2018 inapambana pa mphoto za Africa Magic ku Nigeria monga filimu yabwino koposa ya kum'mwera kwa Africa.

Mphoto yanga ine ndikuipereka kwa sitima ya mchere. Nkhani yake ikuchitika m'nthawi ya nkhondo, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Sitima ikunyamuka ku Nampula kulowera kumalire a Malawi, itanyamula anthu ndi matumba a mchere okasinthanitsa ndi shuga. Ikuyenda ngati kamba chifukwa njanji yazulidwa, ndipo okwera omwewo ndiwo akutsika kukaikonza. Njanji imeneyo si yathu ya kuno, koma mantha ake ndi athu. Kuno kunali mdipiti wa magalimoto wochoka ku Tete kupita ku Zóbuè moperekezedwa ndi asilikali, ndipo ambiri a ife tinakulira kumisasa ya othawa nkhondo ku Mwanza mpaka mtendere wa 1992 utabwera.

Nayonso ili ndi zilema. Chikondi cha namwino Rosa ndi msilikali Taiar ndi choyera mopitirira, ngati cha m'masewero a pa TV. Komanso okwera akuyankhula Chipwitikizi chosalala, pamene m'sitima ya ku Nampula khutu likuyembekezera kumva Chimakua chambiri. Apa Azevedo wagwa m'dzenje lomwe lija la Ejiofor. Chimene chikuiwombola nchakuti inanena zimene akuluakulu athu amangonong'ona: msilikali amene wapatsidwa kuti akuteteze akhoza kukhala woopsa ngati wa kutchire uja.

Ndinaionera pafoni pamodzi ndi azakhali anga, ine ndikuwamasulira. Pamene msilikali analowa pakati pa okwera kudzasankha mkazi, iwo anati, "Iwe, zimitsa chinthucho." Ndinazimitsa. Anakhala duu, akuyang'ana pansi. Kenaka anati, "Yatsanso, ndione ngati amaliza monga zinkathera." Itatha anangoti, "Wopanga izi anaona." Zaka zonsezi anali asanandiuzepo za ulendo wawo wa mumdipiti. Usiku umenewo anandiuza, ndipo tinagona nkhuku zitalira. Palibe filimu ina mwa zitatuzi imene inatsekula pakamwa pa munthu wa m'banja mwathu chotero.

Tsono pempho langa likupita kwa inu anyamata a tinyumba ta vidiyo ku Zóbuè ndi ku Moatize. Muli ndi luso lomasulira nkhonya za ku China mpaka mwana wa zaka zisanu nkumva zonse. Pemphani chilolezo kwa eni filimu ya sitimayi, muiike m'Chinyanja, koma nthabwala zanu zija muzisiye pakhomo. Tsiku loionetsa musalipiritse agogo, ndipo muwaikire benchi yakutsogolo. Ikatha musayatse ina msanga, adzukulu akhale kaye pansi afunse.