Mphasa sasoka ndi phuma

Ndege ikamatera pa bwalo la Chileka, ana amatuluka m'nyumba ali chithamangire, koma malume anga sadzutsa n'komwe mutu. Amakhala ali pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula, mtolo wa bango uli pambali, singano yaitali ili m'manja. Ine ndimafika kuchokera ku Blantyre mutu uli wodzaza ndi phokoso la maminibasi, ndimati "Odi, malume," iwo n'kungondilozera ndi chibwano pokhala. Moni weniweni amadza akamaliza mzere umene ayamba.

Ntchito ya mphasa imayambira kudambo. Mvula ikatha, bango la m'mbali mwa Likhubula likakhwima, malume amapita m'mamawa ndi chikwanje. Sadula lililonse. Laliwisi kwambiri limafota n'kukwinyika likauma, lokalambitsa limathetheka singano ikangolowa. Amaligwedeza kaye, n'kuyang'ana mfundo zake, kenako n'kudula m'munsi. Masamba ake amabaya ngati minga, ndipo mikono yawo ili ndi timabala tosawerengeka. Akafika nalo kunyumba amalisadzula, amaling'amba pakati ndi kampeni, n'kuliyanika padzuwa masiku angapo. Tsiku losoka amaliwaza madzi kuti lifewe. Pa zonsezi palibe pamene munthu angadumphe, pakuti bango lili ndi nthawi yake ndipo silimva kuti mwini wake akufuna ndalama mawa.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi chingwe. Anthu ambiri masiku ano amasokera linya kapena ulusi wosomola m'matumba a feteleza, ndipo sindiwanena, khonje layamba kusowa. Koma malume amapotabe lawo. Amapala tsamba la khonje mpaka patatsala ulusi woyera, amatenga timagawo tiwiri, n'kutigudubuza pantchafu ndi chikhatho, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo. Chingwecho chimatuluka m'munsi mwa dzanja lawo chofanana kuyambira koyamba mpaka kothera. Ndinayesapo tsiku lina, changa chinatuluka potupa apa, powonda apo. Anachitenga osanena kanthu, anachimasula, n'kuika dzanja lawo pamwamba pa langa kuti ndimve kulemera koyenera.

Kusoka kwenikweni n'kwachete. Singano yake ndi yachitsulo, yophwatalala, yotalika kuposa chikhatho. Amaiboola m'nthiti mwa bango limodzilimodzi, mpaka angapo atatungika pamodzi, ndiye amakoka chingwe n'kuwakankhira kwa anzawo ndi chala chachikulu. Kumbali yosalala kumayang'ana kumwamba, kumene munthu adzagonere. Chingwe chimabisala m'kati, moti mphasa yabwino ukaiyala suona chimene chaigwira. Akakoka mopitirira, mphasa imapindika ngati bwato. Akalekerera, pamatsala mipata yotsina khungu usiku. Muyeso wa pakati pa mizere ndi dzanja lawo lomwelo, ndipo sindinawaonepo atagwira tepi.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine mwambiwu ndinaumvetsa nditakhala pambali pa malume ola lathunthu, foni ili m'thumba, n'kuzindikira kuti kupuma kwanga kwayamba kutsata kulowa ndi kutuluka kwa singano. Iwo sakhala pamenepo kuti apumitse mtima. Akusoka mphasa yoti akagulitse ku Lunzu kapena ku Lirangwe, ataimanga panjinga, kuti apeze ya sopo ndi mchere. Mtenderewo umabwera wokha, pakuti dzanja likamathamanga bango limasweka, ndiye munthu amaphunzira kuyenda pa liwiro la bango.

Chileka imadziwika ndi oimba: Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano, banja la a Fumulani, Evison Matafale amene anatisiya mu 2001. M'mudzi womwewo a Moya Malamusi anakhazikitsa nyumba yosungiramo zipangizo za makolo ya Jacaranda, poona kuti zinthu zapakhomo nazo n'zoyenera ulemu. Ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Mphasa ndi imene timayanikapo ufa, timalandirirapo alendo, amayi amakhalapo pa maliro usiku wonse, ndipo kale inkaperekeza munthu mpaka kumanda. Mikeka ya pulasitiki yadzaza m'misika, ndi yopepuka ndiponso yamaluwamaluwa, koma m'mwezi wa Okutobala, kutentha kwa ku Chileka kukafika pachimake, imakumata pamsana. Ya bango imazizira.

Dzuwa likamapendeka, phiri la Michiru litayamba kuda, malume amamanga mfundo yomaliza n'kudula nsonga za m'mphepete kuti zilingane. Amaimika mphasayo, amaigwedeza kamodzi kuti amve ngati pali bango lolira, kenako amaiyala pansi. Woyamba kukhalapo amakhala mlendo amene alipo tsikulo. Ulendo wathawu ndinali ine, ndipo azakhali atabweretsa chinangwa chophika, tinadyera pomwepo, fungo la dambo likumvekabe.